Ukane Asanatsegule Botolo

Mwana wanga Takondwa,

Zovala zako ndachapa, zili pachingwe, zikauma ndisita. Mtedza ndakazinga kale, ndauika pansi pa chikwama kuti anzako a m'galimoto asakuthere. Iwe wapita kukatsanzika anzako, abambo ako agona pamphasa kuseri kwa nyumba, ndiye ndati ndikhale pakhonde pano ndikulembere. Ukundidziwa, nkhani ikakula mawu amandithawa, ndimangoyang'ana pansi. Koma iyi yokha sindilola kuti uchoke usanaimve. Kalatayi uiwerenge uli wekha usanachoke, usakawaonetse azakhali ako.

Mawa azakhali akowo abwera kudzakutenga kupita nawe ku Lilongwe. Achita bwino kukulipirira sekondale imene ine ndi abambo ako sitikanaikwanitsa, ndipo ndikuthokoza ndi mtima wonse. Ukawalemekeze, ukadzuke iwo asanadzuke, akakutuma ukathamange. Pamenepo sindikukayika, ndakulera ndekha. Chimene chandichotsa mtendere ndi firiji ija ili m'golosale mwawo. Dzulo pafoni ndinawamva bwinobwino akukuuza kuti, "Kuno udzanenepa Tako, zoziziritsa kukhosi uzidzangotsegula wekha ngati madzi." Iwe unaseka. Ine ndinakwiya mpaka ndinapsereza ndiwo. Munthu amene anaona ndi maso ake phazi la mlongo wake angalankhule zimenezo kwa mwana? Ndiye tamvera, ndikuuze zimene iwe unaziona uli wamng'ono koma sunazimvetse.

Abambo ako kale ankamwa mowa. Anasiya iwe uli kumsana, nabwerera kutchalitchi, mudzi wonse unasangalala. Anzawo akabaza a paboda ankawaseka akafika pamalo, amvekere, "Abusa afika, apatseni cha ana!" Iwo ankangoseka n'kulandira botolo lawo la zakumwa za gasi zija. Paukwati amuna anzawo akamazemba kupita kuseri, iwo ankakhala kutsogolo ndi akuluakulu ampingo, mabotolo awiri pamapazi, wina aliyense wodutsa n'kumawawonjezera lina powathokoza kuti ndi munthu wodziletsa. Ntchito yawo inali yonyamula mabelo a timabotolo tapulasitiki panjinga, kuchokera kuboda kukasiya m'magolosale a kuboma. Akatsitsa katundu, mwini golosale ankawapatsa limodzi kuti, "Lapanjira ili." Golosale ina nayonso lapanjira. Masana chakudya chawo chinali botolo ndi banzi, chifukwa n'chachangu, munthu umadya utayima osasiya njinga. Madzi ankawamwa kunyumba kokha, pomwera mankhwala a mutu.

Anayamba kunenepa, mimba n'kutsogola, khosi n'kusowa. Ukuganiza kuti alipo amene anadandaula? Anthu ankandiimitsa kuchigayo kundiyamikira, "Amake Takondwa, mwamuna mukudziwa kumusamala." Agogo ako, amayi awo a abambo ako, ankauza aliyense kuti, "Mwana wanga anasiya zoipa, taonani mmene Mulungu wamudalitsira ndi thupi." Chimene chimandipweteka mpaka lero ndi chimenechi, Takondwa. Munthu akamamwa mowa, mudzi wonse umamulangiza, ampingo amabwera, ankhoswe amabwera, ngakhale ana amamuimba nyimbo. Koma akamadzithira shuga m'mimba kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, timamuwombera m'manja, timamuika kutsogolo. Palibe ngakhale mmodzi amene anawauza abambo ako kuti chepetsani. Tonse tinkaona ngati ulemerero.

Iwenso sanakusiye. Usanayambe n'kuyenda komwe, azakhali ako anabwera kudzacheza, anakuyika pamiyendo n'kukumwetsa cha olenji chija ndi kachitsekerero. Unatsinzina, unayetsemula, kenako unatambasula manja kufuna china. Anthu onse anaseka, "Ameneyu ndi wa m'tauni!" Kuyambira pamenepo abambo ako akamabwera madzulo ankakusiyira chotsalira pansi pa botolo, iwe n'kumawachingamira kumsewu, osati chifukwa cha iwo koma botololo. Pamene unkayamba sukulu yamkaka mano ako akutsogolo anali akuda ngati chimanga chofumbwa. Unkalira ukaluma ngakhale nthochi. Kuchipatala anakuzula, iwe ukukuwa, ine nditakugwira miyendo. Wozula manoyo anandiuza kuti zakumwa zimenezi zimadya mano kawiri, shuga wake komanso ukali wake uja umaluma lilime. Anzako ankakuitana kuti "agogo". N'chifukwa chake mpaka lero ukamaseka umaphimba pakamwa ndi dzanja, chonsecho mano ako ndi okongola. Amenewo ndi omaliza, mwana wanga. Ena sadzameranso.

Kenako kunabwera ludzu. Abambo ako anayamba kudandaula kuti kukhosi kukuwauma nthawi zonse, kukodza pafupipafupi, miyendo kulemera akamakwera chitunda ndi katundu. Nanga munthu wonyamula zakumwa akamva ludzu amwa chiyani? Anawonjezera mabotolo. Atamva kufooka anayamba kugulanso timabotolo tija amati n'topatsa mphamvu. Matenda akuwapatsa ludzu, iwo n'kumathetsa ludzulo ndi chinthu chomwecho chimene chikukulitsa matendawo, ndipo palibe ankadziwa. Thupi lija linayamba kusungunuka, buluku n'kumamangira chingwe. Amene ankandiyamikira kuchigayo aja anayamba kunong'ona ndikamadutsa. Agogo ako ankandiyang'ana ngati ndine ndabweretsa matenda m'nyumba. Tinakayezetsa magazi tonse awiri, anatipeza tilibe kachilombo. Ndiye agogo akowo anati ndi anzawo akabaza awachita chipongwe chifukwa cha nsanje, n'kuwatengera kwa mneneri wina cha ku Mkanda. Mneneriyo anapemphera, anatchula munthu wamfupi wakuda kuti ndiye wawalodza, ngati kuti kuboda kuli wamfupi wakuda mmodzi. Pobwerera anaima pamsika, agogo ako n'kuwagulira botolo lozizira kuti apezeko mphamvu.

Chimene chinatifikitsa kuchipatala chenicheni ndi pedulo. Pedulo ya njinga yawo inatha labala, chitsulo chake chinawakala chala chachikulu chakuphazi. Kabala kakang'ono, koti iwe ukanapola nako osamanga n'komwe. Sikanapole. Kanatupa, kanada, kanayamba fungo, mpaka zala zoyandikana nazo zinagwirizana nako. Titafika kuchipatala cha kuboma anawabaya chala chakumanja n'kuyeza kadontho ka magazi. Adokotala atayang'ana kamakina kaja anawayang'ananso abambo ako, n'kufunsa, "Bambo, mumamwa chiyani?"

Abambo ako anadzikonza pampando, monyadira ndithu. "Ine sindimwa, adokotala. Ndinasiya kalekale, funsani mayiwa."

"Sindikunena mowa. Mukamva ludzu mumamwa chiyani?"

Atawafotokozera za mabotolo apanjira ndi banzi, adokotala anaika cholembera pansi. Anati ndi matenda a shuga, ndipo akhala nawo nthawi yaitali. Anati shuga amene ali m'botolo limodzi, mutamuona ali wouma pambale, simungayerekeze kumuthira yense m'kapu imodzi ya tiyi, koma chifukwa n'chozizira komanso chili ndi gasi, munthu amangomeza osamva kuti chatsekemera mopyola. Abambo ako anafunsa kuti, "Nanga anzanga onse amamwa, bwanji ine?" Adokotala anayankha kuti matendawa amayendanso m'magazi a pabanja, ena amawapeza msanga kuposa anzawo, ndipo mabotolo a tsiku ndi tsiku amawaitana asanafike nthawi yake. Kenako anatembenukira kwa ine. "Mayi, muli ndi ana? Muwasamale, magazi ndi omwewa." Mawu amenewo ndi ako, Takondwa. Ananenera iwe ndi mng'ono wako. Anzako akamakuuza kuti ife timamwa osadwala, uzikumbukira kuti iwo si ana a abambo ako.

Anawagoneka, ndipo anawadula zala zitatu. Tsopano imva zimene anthu athu amachita. Ukudziwa kuti kwathu kuno munthu sapita kukazonda wodwala chimanjamanja, ndipo chonyamula chake n'chimodzi, botolo. Nthawi yoona odwala ikakwana ankalowa m'wodi motsogozana, aliyense jumbo m'manja. Amayi akumpingo botolo, akabaza anasonkherana mabotolo, ngakhale eni magolosale aja anatumiza belo lathunthu kuti, "Mukawapatse azimwa apezeko magazi." Anamwino anali atandiuza kuti ngakhale kulawa asalawe, shuga wawo akapanda kutsika bala silipola, ndipo likapanda kupola adzadula phazi lonse. Ine ndinkalandira ndi manja awiri, n'kuthokoza, n'kulowetsa kunsi kwa bedi, alendo akapita n'kugawira anzanga odikirira odwala. Zinkatheka chifukwa mabotolowo ankabwera otseka.

Tsiku lina analowa azakhali ako kuchokera ku Lilongwe, kachikwama kozizira paphewa. Analira pang'ono ataona bandeji, kenako anapukuta misozi n'kutulutsa botolo lakuda lija likuchita thukuta. Ndisanatsegule pakamwa ndinangomva tsii, atsegula.

Ndinati chapansipansi, "Alamu, aletsa."

"Waletsa ndani?"

"Adokotala. Akuti ndi shuga."

"Aa, inunso alamu! Kamodzi kokha kangaphe munthu? Wodwala sakanizidwa chimene mtima wake wafuna. Taonani milomo yauma gwa, mukuwasamala bwanji alongo angawa? Komanso ndatsegula kale, nditaye? Imwani achimwene, ndachokera nacho kutali."

Abambo ako anandiyang'ana, anawayang'ana alongo awo, kenako anatambasula dzanja. Sindikuwanena. Kukana chinthu chimene mlendo wakutsegulira kale kuli ngati kumulavulira, tonse tinaleredwa choncho. Koma ine ndinali nditaona zimene zinali mkati mwa bandeji m'mawa umenewo. Sindikudziwa kuti ndinaimirira bwanji. Ndinangopezeka ndalanda botololo m'manja mwa azakhali ako, ndatuluka nalo pakhomo la wodi, ndikulikhuthulira m'ngalande. Thovu linayenda mpaka pakona. Ndinabwerera n'kuwapatsa botolo lopanda kanthu.

Mkulu wina wothyoka mwendo pabedi loyandikana ndiye anati, "Mayi inu, bwenzi mutangondipatsa ine, wanga mwendo ndi wa ngolo, si wa shuga." Ena anaseka. Azakhali ako sanaseke. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti, "Kani ofatsa aja ndi amenewa?" Anatenga kachikwama kawo n'kutuluka.

Abambo ako atatuluka m'chipatala, phazi litayamba kupola, ndinaitanidwa kwa agogo ako. Ndinapeza ankhoswe a mbali zonse atakhala pansi pa mtengo wa mango. Mlandu wake unali wakuti ndinanyoza mlamu wanga pagulu, ndinataya chakudya cha mlendo, ndinachititsa manyazi banja pamaso pa anthu achilendo. Agogo ako anati, "Mwana wanga wawononga ndalama ya basi kudzaona mlongo wake, mkazi uyu n'kumutayira m'ngalande ngati wabweretsa chiphe." Ndinkafuna kukuwa kuti inde, kwa munthu uyu chinali chiphe! Palibe amene anafunsa kuti adokotala anati chiyani. Palibe amene anayang'ana phazi la abambo ako, chonsecho linali pomwepo, atalisanjika pachitsa. Amalume ako, amene ali nkhoswe yanga, anandinong'oneza kuti, "Ingopepesa mlongo wanga, zithe." Ndinagwada pamaso pa azakhali ako, ndinapepesa, ndinapereka nkhuku. Ndikamakumbukira mpaka lero m'mutu mumanditentha. Phazi limene akuyendera abambo akoli ndinalilipira nkhuku.

Ndiye ukudziwa chimene anatulutsa posonyeza kuti mlandu watha, tagwirizananso? Kireti ya zakumwa zomwezo! Azakhali ako anali ataigula kale. Mwana wa alamu anga wina anayamba kuzungulira ndi chotsegulira, tsii apa, tsii apo. Langa anatsegula n'kundipatsa, maso onse ali pa ine. Ndinamwa. Silinatsike bwino, koma ndinamwa. Atafika pa abambo ako, botolo ali nalo kale m'manja, chotsegulira chikubwera, iwo anangoika chikhatho pamwamba pa chitsekerero.

"Usatsegule, mphwanga. Bwezera m'kireti, wina amwa. Ine unditungire madzi."

Agogo ako anati, "Nanga pamwambo ngati uno?"

Abambo ako anati, "Amayi, zala zatsala ziwiri. Mukufuna nditsale ndi zingati?"

Palibe anakwiya, Takondwa. Botolo linabwerera m'kireti lili lotseka, palibe chinatayika, palibe ananyozeka. Madzi anabwera. Pamenepo m'pamene ndinaphunzira chinthu chimene ndikufuna upite nacho. Kwathu kuno botolo limavuta kulikana likatsegulidwa. Ndiye ukane lisanatsegulidwe. Ukaona munthu akulowera kufiriji, usadikire kuti abwere. Lankhula asanafike kufirijiko, "Zikomo azakhali, ine mundipatse madzi." Ukafika panyumba ya eni, iwe uyambe ndiwe kupempha madzi akumwa usanakhale pansi, kuti akamabwera ndi botolo akupeze uli ndi kapu m'manja. Ndikudziwa kuti unatengera ine, ukaona munthu wamkulu lilime limalemera. Koma mawu ochepa onenedwa msanga ndi opepuka kuposa zimene ndinachita ine m'wodi muja.

Azakhali ako anena kuti ukaweruka kusukulu uzikawathandiza m'golosale. Ndikuidziwa ntchito ya m'golosale. Njala ikakupweteka adzakuuza kuti, "Tenga botolo ndi sikono, tiphika madzulo." Umenewo ndi msewu womwe anayenda abambo ako. Sikono idya, koma umwere madzi. Uzinyamula mbatata yotsala m'mawa, kapena mtedza, ukatha undiuze nditumiza wina ndi a minibasi. Nthawi ya mayeso anzako adzakuuza kuti timabotolo topatsa mphamvu timathandiza kuwerenga. Timangothamangitsa mtima ndi kuthawitsa tulo, m'mawa mutu uli waa. Ukatopa gona. Ndipo mnyamata akadzakuimitsa panjira n'kukugulira chozizira, imeneyo ndi nkhani ina, tidzakambirana ukabwera patchuthi, koma nayenso umukane asanatsegule.

Sindikunama kuti n'zosakoma. N'zokoma, inenso ndimazilakalaka mu Okutobala dzuwa likaswa mtengo. Pa Khirisimasi ukamwa limodzi, kapena paukwati, sindidzakutenga ngati wachimwa. Chimene ndikukana ndi cha tsiku ndi tsiku, chomwa chifukwa chilipo, chifukwa n'chaulere, chifukwa waopa kukhumudwitsa munthu. Ndipo ukadzaona ludzu losatha, kukodza kosalekeza, kapena bala lochedwa kupola, usadzalole kuti wina akutengere kwa mneneri kaye. Upite kuchipatala ukanene kuti abambo anga ali ndi shuga, ndiyezeni.

Uwaone abambo ako mawa akamakuperekeza kumsewu. Uone mmene amaponyera phazi lija, nsapato ataiika nsanza kutsogolo. Munthu amene ankakwera chitunda ndi mabelo osatsika panjinga, lero amakhala pansi pa mtengo kumamata machubu a anzake. Mwezi uliwonse ulendo wa kuchipatala kukatenga mankhwala, maso nawonso ayamba kuchita chifunga. Sanabe, sanamenye munthu, sanaledzere. Anangolandira zimene anthu ankawapatsa mwaulemu. Eni magolosale aja anapeza wakabaza wina sabata yomweyo, ndipo nayenso akumupatsa lapanjira.

Tsopano chimene chikundiopsa kwambiri ndi ichi. Azakhali ako si munthu woipa, amakonda ndi manja, akapatsa munthu chinthu amafuna aone chikulowa m'kamwa. Ukakana kawiri katatu adzadziwa kumene zachokera. Adzati mwana uyu amayi ake anamuthira mawu, akundiyesa mfiti m'nyumba mwanga momwe. Ndipo iwe, poopa kuti angakubweze kuno sukulu n'kuthera pomwepo, udzayamba kulandira kuti mtendere ukhalepo. Ndikukudziwa. Usadzachite zimenezo, ndipo usadzakangane nawonso. Sukuluyo ndikuifuna kuposa mmene ukuifunira iwe, ine ndinalekezera pulayimale ndipo ndikudziwa kumene kumathera msewu umenewo.

Ukadzaona kuti nkhope yasintha, udzagwade bwinobwino n'kunena kuti, "Azakhali, ine ndilibe vuto, koma amayi anandilumbiritsa. Ndikamwa adzandikana." Unene choncho ndithu, ndakuloleza. Uwonjezere kuti amayi anga ndi ovuta, sadziwa za m'tauni, chilichonse chimene chingawafewetse mtima. Adzakumvera chisoni kuti uli ndi mayi wotere, adzakukonda koposa, ndipo mkwiyo wonse udzabwera kuno pafoni. Usadzandiikire kumbuyo akamandinena, ungokhala chete n'kumatsuka mbale zako. Dzina langa kumeneko linaipa kale, silingaipenso kuposa pamenepa, ndiye bola likugwirire ntchito. Akadzaitanitsanso ankhoswe ndidzapita, ndidzagwada, ndidzapepesa monga mwa mwambo. Zimenezo zisiyire ine. Iwe ukaphunzire, ndipo ukabwere kuno ndi mano ako onse ndi zala zako zonse.

Uyende bwino mwana wanga, Mulungu akutsogolere.

Ndine mayi ako,
Elube